Ndinapita ku Joni kukaoda maola a ndege

Azakhali anga akhala akugulitsa zitenje mu msika wa Limbe kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo sindinamvepo kuti wina anawapusitsa pa malonda. Chitenje amachidziwa pongochitsina ndi zala ziwiri. Akachinunkhiza amakuuzani ngati n'cholimba kapena n'chija chimasuluka tsiku loyamba kuchapa. Koma m'chaka cha 2024 mayi ameneyu anaoda katundu woti sangamutsine kapena kumununkhiza, ndipo anagwa naye chagada. Katunduyo ndi maola. Inde, maola ouluka pa ndege.

Mwana wawo wachiwiri, msuweni wanga, ali ku South Africa komwe akuphunzira kuyendetsa ndege. Kuti akafike kumeneko panapita minibasi ya azakhali ndi puloti yawo ya ku Machinjiri. Laisensi yoyamba anaitenga popanda vuto. Kenaka sukulu ina inamuuza kuti akalipiriratu maola 50 pakamodzi amutsitsira mtengo, monga muja amachitira a holoselo ukatenga belo lathunthu. Azakhali, poti mawu oti kutsitsa mtengo amawamva ngati nyimbo, anakumba mpamba, n'kuwonjezerapo ya chipereganyu, n'kutumiza. Pa miyezi inayi mnyamatayo anauluka maola 11 okha. Tsiku lina m'mawa anakapeza geti ili ndi loko wamkulu, foni ya mwini sukulu osalira. Maola 39 anathera pomwepo. Dzina la sukuluyo ndilisunga.

Ndiye mu Julaye 2025 anandiitanitsa ku benchi kwawo.

"Iwe, pakamwa pakopo ndi pamene umadyera," anatero akupinda chitenje, osandiyang'ana. "Pita ukafunse mafunso ako aja a m'nyuzipepala. Ndatsala ndi ndalama yoyesera kamodzi kokha. Ikapita imeneyi, mwanayo abwere adzandithandize kuitanira makasitomala."

"Koma azakhali, ine za ndege ndikuzidziwira kuti?"

"Nanga ine zitenje ndinabadwa nazo? Ukaone ndi maso. Za pa foni ndatopa nazo."

Njira ya ku Joni sindingakuphunzitseni, ambiri a inu mwaiyenda kuposa ine. Mwanza, Zobue, kutentha kwa ku Tete, Nyamapanda, Harare, kenaka mzere wa pa Beitbridge woti munthu umadziwana ndi anzako mpaka mayina a ana awo. Pa mzere pomwepo mayi wina wa mabulangete anandifunsa kuti, "Nanga achimwene mukukaoda chiyani, chikwama chake chaching'ono chonchi?" Nditayankha kuti maola, anapukusa mutu n'kunena kuti mawotchi masiku ano sakuyenda malonda, anthu akuonera nthawi pa foni. Sindinawatsutse.

Msuweni wanga anandichingamira pa Park Station atavala majekete awiri. Anali ataonda. Usiku umenewo, m'kachipinda kamene amagona ndi anzake awiri ku Germiston, anatulutsa buku lachikuto chakuda m'pulasitiki n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupereka khanda. Buku limeneli amalitcha logbook. M'menemo mumalembedwa ulendo uliwonse: tsiku, nambala ya ndege, kochokera, kopita ndi nthawi imene yatha. Pansi pa tsamba lomaliza panali 83.0.

"Asuweni, minibasi ya amayi ija ndi iyi," anatero akuloza nambalayo.

Ndifotokoze pang'ono kuti tiyendere limodzi. Laisensi yoyamba ya woyendetsa ndege amaitcha PPL. Malamulo a ku South Africa amati munthu akhale wa zaka 17 ndipo akhale atauluka maola osachepera 45. Ndi laisensi imeneyi ukhoza kunyamula mkazi wako kapena msuweni wako, koma kulipiritsa munthu ayi. Ili ngati laisensi ya galimoto yapanyumba, sungaimike nayo minibasi pa siteji. Yodyera ndi yachiwiri, CPL, ndipo imeneyi imafuna maola 200. Mwa maola amenewa, 100 akhale oti iweyo ndiye mwini chiwongolero, popanda mphunzitsi wokugwira dzanja. Maola 20 akhale a maulendo ataliatali, ndipo umodzi ukhale wa makilomita pafupifupi 555, kuposa mtunda wochoka pa Chileka kukafika ku Mzuzu molunjika, n'kutera pa mabwalo ena awiri panjira. Palinso maola a usiku, ena ouluka mongoyang'ana mawotchi a m'ndege osasuzumira kunja, mayeso olemba oti kukhoza kwake ndi 75 pa 100, ndi dokotala woyeza maso, makutu ndi mtima.

Tsono taonani phompho lake. Kuchoka pa 45 kukafika pa 200 palibe kampani imene ingakulembe ntchito yoyendetsa ndege, poti laisensi yolandirira malipiro ulibe. Maola onsewo uyenera kugula wekha. Umachita hayala kandege kakang'ono, n'kumauluka, n'kumalemba m'buku, n'kumalipira. Kuunjika maola kumene amanena n'kumeneku. Msuweni wanga anatsala ndi 117.

Wina afunsa kuti bwanji osauluka konkuno. Kwathu kuno ndege zazing'ono zoti mwana wa sukulu achite hayala mukhoza kuziwerenga ndi zala. Ena amalowera ku Wilson Airport ku Nairobi, ena ku Soroti ku Uganda, ena ku sukulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa. A matumba akuya amapita ku Florida kapena Arizona ku America, koma kumeneko CPL pa njira ya wamba imafuna maola 250, ndipo viza ya ku America kwa Mmalawi ndi nkhani ina. Ku Joni kumafika basi, kuli abale oti n'kukubwereka bulangete, ndipo tindege tating'ono tili mbwee.

Tinayambira pa Rand Airport, ku Germiston komweko. Bwaloli linatsegulidwa mu 1931 ndipo linali bwalo lalikulu la Johannesburg asanamange lija tikulitcha OR Tambo lero. Nyumba yake yakale ikadalipo. Chapatali mumaona milu ya dothi lachikasu lochokera m'migodi ya golide, dothi limene agogo athu a Wenela anathandiza kukumba. Pakona pena paima chindege cha Boeing 747 chotchedwa Lebombo, chimene chitapuma ntchito chinadzatera pamenepa mu 2004. N'chomwe chija chinadutsa pamwamba pa bwalo la Ellis Park pa fainolo ya rugby mu 1995. Ine ndinaima kukamwa kuli yasa. Msuweni wanga sanachiyang'ane n'komwe, maso ake anali pa tindege tating'ono tomangidwa ndi zingwe panja ngati mbuzi.

Kandege kamene ambiri amaunjikira maola ndi Cessna 172. Kali ndi mipando inayi, injini imodzi kutsogolo, mapiko pamwamba ngati denga la khonde. Anayamba kukagulitsa mu 1956 ndipo apanga zoposa 44,000, ndiye tingoti ndi Toyota Hiace ya mumlengalenga, makaniko aliyense amakadziwa. Zambiri zimene ndinaona zinali zakale kuposa ine. Nditadandaula, msuweni anati ndege saiyang'ana zaka, amaiyang'ana mabuku a makaniko.

Pa masiku atatu tinalowa m'maofesi asanu: pa Rand pomwepo, pa Grand Central ku Midrand pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Gautrain, ndi pa Wonderboom kumpoto kwa Pretoria. Paliponse anatilandira bwino, tiyi ndi pepala lonyezimira la mitengo. Madzulo ndinayala mapepala asanuwo pa bedi, ndipo panalibe awiri oti n'kuwaika pa sikelo imodzi. Apa m'pamene ndinakumbukira azakhali, poti masewera ake ndi omwe aja a mu msika.

Choyamba, mafuta. Pali mtengo umene amati wet, ndiye kuti mafuta ali momwemo, ndi wina umene amati dry, mafuta ugula wekha. Kandege kameneka kamamwa malita 30 mpaka 35 pa ola, ndipo si petulo wa pa filingi siteshoni ayi, ndi mafuta akeake otchedwa avgas, odula kuposa petulo. Pepala limene linkaoneka lotchipa kuposa onse linali la dry, ndipo mawuwo anawalemba pansi penipeni ndi zilembo zonga nyerere. Chachiwiri, msonkho wa VAT, umene ku South Africa ndi 15 pa 100. Mapepala ena anauphatikiza, ena ayi. Kenaka pali ndalama yolipira nthawi iliyonse matayala akagunda pansi pa bwalo la eni, ndalama ya inshuwalansi yoti ukaphwanya phiko usagulitse nyumba ya makolo, ndalama ya umembala, ndi ola limodzi kapena awiri ouluka ndi mphunzitsi wa pamenepo kuti akuone kaye asanakupatse makiyi.

Koma chimene chinandimaliza ndi wotchi. Inu a chimanga ndi nyemba mukudziwa kuti ndowa ziwiri zikhoza kufanana kunja pamene ina inakhomedwa pansi. M'ndegemo muli mawotchi awiri owerenga maola. Ina amaitcha Hobbs, imayamba kuwerenga injini ikangolira, kaya ndegeyo yaima pa mzere kudikira kuti anzake anyamuke, iyo ikuwerengabe. Ina amaitcha tacho, imayenda ndi mphamvu ya injini, ndiye pamene ndege yangoima injini ikulira pang'onopang'ono, nayonso imayenda pang'onopang'ono. Palibe yakuba pa ziwirizi, koma uyenera kufunsa kuti akuyezera ndowa iti. Mawotchiwa amadula ola m'zigawo 10, chigawo chimodzi ndi mphindi 6. Kuti masamu asavute tingoti ola ndi R2,500. Ndiye kuti mphindi 6 ndi R250. Ukaima pa mzere mphindi 18 pa bwalo lotanganidwa, R750 yapita uli pansi. M'buku ilembedwa ndithu ngati nthawi yako, koma waphunzirapo kudikira basi. Maola 100 pa mtengo umenewu ndi R250,000, imene pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo inali pafupifupi K25 miliyoni. Ndati wa ku banki. Komwe randi imapezekadi mukukudziwa nokha.

Tsiku lachitatu ndinatopa nawo maofesi. Msuweni atalowa kukakamba ndi a mapepala, ine ndinazungulira kuseri kwa mashedi akuluakulu osungiramo ndege. Ndinapezako bambo wina wachikulire akupukuta galasi la ndege ndi kansalu, akuimba chapansipansi. Nditamvetsera bwino, nyimboyo inali ya Chiyao.

"Moni bambo. Kumudzi n'kuti?"

Anatembenuka msanga. "Ii, mwana wakwathu! Ku Mangochi. Mwasochera chiyani kuno?"

Ndinawafotokozera zonse, za minibasi, za geti ya loko, za mapepala asanu. Bamboyu watsuka ndege zaka zambiri ndipo sanakwerepo ngakhale imodzi. Anaseka, n'kupachika kansalu paphewa.

"Mwana wanga, mapepalawo kakulungire mandasi. Ukafuna kuidziwa sukulu, bwera 6 koloko m'mawa uime pa mpanda, uwerenge ndege zimene zatuluka. Ukatero lowa mu shedi upitirize chala pa phiko. Ikakhala ndi fumbi, imeneyo ndi ya pa chithunzi chabe. Suzumiranso kutsogolo uone ngati injini ilimo. Ine ndatsukapo ndege yopanda injini miyezi isanu ndi umodzi kuti makolo akabwera aione ikuwala."

Anandiphunzitsa zambiri pa mphindi zochepa. Lamulo limati ndege zoterezi zikauluka maola 100 zilowe kwa makaniko kukaunikidwa paliponse, ndipo injini yake ikakwanitsa maola pafupifupi 2,000 imayenera kuphwasulidwa yonse. Pamenepo pamafunika ndalama yambiri, ndipo kasukulu kamene kanadya kale ndalama za ana ndi pamene kamagwera. Sukulu ya ndege ziwiri, imodzi ikalowa kwa makaniko, ana onse amalimbirana imodzi yotsalayo. Ndipo poika mayina pa ndandanda, amayamba ndi amene akuuluka ndi mphunzitsi, poti amenewo amalipira zambiri. Woti akungounjika maola amapatsidwa zotsala, masana dzuwa lili pamutu, kapena osapatsidwa n'komwe.

Apa m'pamene ndinaona pamene azakhali anagwera. Iwo anawerengera mtengo wa ola. Sanawerengere mtengo wa mwezi. Mwana akakhala mwezi osauluka, lendi ikuyenda, chakudya chikuyenda, inshuwalansi ya chipatala imene boma la kumeneko limafuna kwa aliyense wa viza ya sukulu ikuyenda, ndipo masiku a vizayo akutha. Dzanja nalonso limaiwala, ndiye akabwerera m'ndege ayenera kulipiranso mphunzitsi womukumbutsa. Pa miyezi inayi ija, maola 11 otchipa aja anadula kuposa maola a pa pepala lodula kwambiri limene linali pa bedi langa.

Koma tisawaweruze msanga azakhali. Mukukumbuka Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Munthu amene anaona mpamba wake ukusungunuka choncho, akamva zolipiriratu amati bola ndalamayo ichoke m'manja isanafe. Nzeru yake inali yoona, inangolakwika thumba loikamo. Ndalamayo ikasanduka randi ikhale mu akaunti ya mwanayo ku banki, izituluka pang'onopang'ono. Ikalowa yonse m'thumba la sukulu, ndiye kuti mwakongoza munthu wosamudziwa popanda chikole.

Za nyengo anandiuza ndi mmodzi wa anyamata ogona ndi msuweni, wa ku Chipata ku Zambia, woti tikamacheza Chinyanja chake ndi Chichewa changa zinkangolumikizana. Iye anayambira maphunziro ake kunyanja, m'chigawo cha Eastern Cape, komwe kuli sukulu zotchuka monga 43 Air School ya ku Port Alfred, imene inayamba nthawi ya nkhondo mu 1942 n'kudzatsegulidwanso mu 1988. Anati kumeneko bwalo lili pafupi ndi nyanja ya mchere, mpweya ndi wolemera, kandege kamanyamuka ngati kakuthawa ngongole. Vuto lake ndi mphepo ndi mitambo yotsika, moti ukhoza kudzuka masiku angapo ukungoyang'ana kumwamba.

Ku Johannesburg ndi kwina. Rand Airport ili pa mamita 1,671 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamwamba kuposa boma la Dedza, pamene Chileka ili pa mamita osakwana 800. Pamwamba chonchi mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha umapepukiratu. Injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino, kandege kamathamanga mtunda wautali kasanadzuke. Kuyambira Okotobala mpaka Malichi masana kumabwera mvula ya mabingu ndi matalala, ndiye wouluka amadzuka m'mamawa. Koma Meyi mpaka Ogasiti kumwamba kumakhala mbee tsiku ndi tsiku, kuzizira kokhakokha koti udzu umayera ndi chisanu. Mnyamata wa ku Chipata uja anati miyezi imeneyi ndiyo yokolola maola, ndipo amene waphunzira kunyamuka pa mpweya wopepukawu, kwina konse savutika.

Nkhani ya nyengoyi kwa azakhali si yocheza. Chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inatenga Wachiwiri kwa Pulezidenti Dr Saulos Chilima ndi anthu ena 8 tsiku la mitambo ndi nkhungu, iwo akamva ndege ikudutsa pamwamba pa Limbe amasiya kuwerenga chenji. Usiku wina pa foni anandipatsa funso limene ine sindinaliganizire: mwanayo akaona kuti kunja sikuli bwino n'kukana kuuluka, amulipiritsa? Kuyambira pamenepo ndinkalifunsa paliponse. Malo ena anayankha msanga kuti ayi, nyengo salipiritsa. Malo amodzi anayamba kufotokoza zambirimbiri. Pepala lawo ndinakulungiradi chakudya.

Malo amene tinathera sanali pa mapepala asanu aja. Anatilozera ndi bambo wa ku Mangochi uja: kabwalo kakang'ono kummwera kwa Johannesburg, pakati pa minda ya chimanga, kopanda nsanja ya owongolera ndege, kopanda mzere. Tinafikako 6 koloko isanakwane monga anatiuzira, manja ali gwa ndi chisanu, n'kuima pa mpanda. Pofika 7 koloko ndege zitatu zinali zitanyamuka. Yachinayi inali mu shedi, injini ili poyera, makaniko awiri ali pamenepo ndi zipanera. Ndinapitiriza chala pa phiko lake. Mayi wina wa imvi, amene ndi mkulu wa aphunzitsi pamenepo, anandiona n'kufunsa chimene ndikufuna. Nditamuuza kuti ndikuyeza fumbi, anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anatulutsa mabuku a makaniko a ndege zonse zinayi n'kuwaika patebulo ndisanawapemphe. Ine sindinamvemo kanthu. Msuweni anawerenga tsamba ndi tsamba.

Mtengo wawo sunali wotsika kuposa onse. Unali wa wet, VAT ili momwemo, wotchi ya Hobbs. Ndinayesa kunenerera monga mwana wa mu msika, mayiyo anakana. Koma nditafunsa ngati tingamalipire maola 10 okha pakamodzi, anati ngakhale asanu, iye safuna kusunga ndalama za ana a eni. Ndandanda ya ouluka inali pa bolodi pakhoma, poti aliyense aone, ndipo ndinawerenga ndekha mipata yopanda dzina ya sabata imeneyo.

Mayiyu anatsegula logbook ya msuweni n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenaka anamuuza kuti maola ake ambiri ndi ongozungulira pafupi ndi bwalo limodzi. Zimene ananena ndizimasulire m'chathu: wa kabaza amene amangozungulira pa depoti sanganene kuti akuidziwa njira ya ku Thyolo, ngakhale atapalasa chaka chonse. Anati maola otsalawo awathere pa maulendo, akatere pa mabwalo achilendo, afupi, a dothi, a mphepo yopingasa, chifukwa ntchito yoyamba ya munthu wa maola 200 kawirikawiri si ya chindege cha mayunifolomu. Ambiri amayamba ndi kuphunzitsa anzawo, kapena kukagogoda ku Maun ku Botswana komwe tindege timanyamula alendo kupita nawo ku madambo a Okavango. Olemba ntchito kumeneko amawerenga buku lonse, osati nambala ya pansi yokha.

Izi ndiyenera kuzinena poyera, poti ena a inu muli ndi ana olota zomwezi. CPL si kalata ya ntchito. Air Malawi inatha mu 2013, ndipo kampani imene inalowa m'malo mwake mu 2014, ya boma ndi Ethiopian Airlines, ili ndi ndege zowerengeka. Laisensi ya ku South Africa ikafika kuno iyenera kuvomerezedwa kaye ndi akuluakulu oona za ndege. Kuti munthu adzakhale kaputeni wa ndege yaikulu pamafunika laisensi yachitatu ya maola 1,500. Njira ilipo ndithu, Yolanda Kaunda anaiyenda mpaka kukhala mayi woyamba wa Chimalawi kufika pa ukaputeni mu 2016. Koma ndi yaitali, ndipo poyambira pake m'pamene pali minibasi za amayi.

Tsiku lotsatira msuweni anauluka ndi mayi uja kuti amuone. Analemba 1.0. Tsiku linalo anandidzutsa 4 koloko.

"Asuweni, mumalemera makilo angati?"

"Bwanji, mukufuna mundigulitse?"

"Ndikufuna ndidziwe mafuta oti ndithire. Lero mukwera."

Anthuni, ine ndinali ndisanakwerepo ndege chibadwire. Ndinaima pambali mawondo akuwombana, ndikunamizira chisanu, uku mnyamata amene ndinkamutuma kukagula makala akuzungulira kandege ngati sing'anga. Anagwedeza mapiko, anasuzumira matayala, anayeza oilo, anakwera pamwamba kuona mafuta ndi maso ake ngakhale wotchi ya mafuta ilipo. Anatapa mafuta pang'ono pansi pa phiko m'kabotolo n'kuwayang'anitsa padzuwa. Ndi abuluu. Anati akufuna aone ngati mulibe madzi. Kenaka anawanunkhiza. Pamenepo ndinaona azakhali enieni.

M'katimo ndi mothina kuposa mpando wakutsogolo wa minibasi, mapewa kugundana. Anandiveka zomvera m'makutu, n'kutsegula kawindo, n'kukuwa kuchenjeza aliyense amene ali pafupi, injini n'kulira. Atayamba kulankhula pa wailesi, mawu ake anali ena, odekha, a munthu wamkulu. Tinathamanga, tinathamanga, ine n'kumati kodi mpweya wopepuka uja watigwira, kenaka phokoso la matayala linangoti zii. Mimba yanga inatsala pansi.

Nditatsegula maso, minda inali ngati zitenje zoyalidwa pa benchi, zina zofiirira, zina zozungulira ngati mbale chifukwa cha mipope yothirira. Utsi wa moto wolusa unali utayala chapansi. Patsogolo panatulukira madzi ambiri onyezimira, ine n'kufunsa ngati ndi nyanja. Anati ndi Vaal Dam, damu limene limamwetsa Johannesburg. Anandilozera mtsinje wa Vaal ndi machumuni a ku Sasolburg, koma kunena zoona maso anga sanakhalitse kunja. Ndinali nditaipeza wotchi ya Hobbs, kabokosi kakang'ono ka manambala oyera kumbali yanga. Mphindi 6 zilizonse nambala yakumapeto inkagudubuka mwakachetechete. Inu a zitenje werengani nokha kuti kugudubuka kumodzi ndi zitenje zingati.

Tinatera pa kabwalo kena kopanda munthu, mbalame zokhazokha, n'kunyamukanso. Pobwerera dzuwa linali litakwera ndipo kandege kanayamba kudumphadumpha ngati lole ya pa msewu wa fumbi. Pepala la pulasitiki limene anandipatsa ponyamuka linagwira ntchito yake, zambiri sindinena. Matayala atagunda pansi pa bwalo lathu ndinafuna kuwomba m'manja, koma iye anali asanamalize, ankawerengabe ndandanda yake chala chili pa pepala mpaka injini itazima. Analemba 1.6, dzina lake m'danga la mwini chiwongolero. Pansi pa tsamba panakhala 85.6.

Madzulo ndinaimbira azakhali. Ndinamva phokoso la msika kumbuyo, wina akunenerera chitenje, iwo akumuuza kuti adikire. Ndinayamba kufotokoza za damu ndi minda, anandidula.

"Ndege zilipo zingati?"

"Zinayi azakhali. Zitatu zikuuluka, imodzi ili kwa makaniko."

"Unaziona ndi maso?"

"Ndinazigwira ndi chala."

"Mwalipira zingati?"

"Maola 10 okha. Ndalama yotsala ili ku banki m'dzina la mwana wanu. Lisiti ndili nalo."

Ndinamva akutsegula kope lawo lija la ngongole, lachikuto chofiira. Anandiuza kuti nditchule pang'onopang'ono. Ndinati otsala ndi 114.4. Anafunsa kuti kadontho 4 n'chiyani, ndinati mphindi 24. Analemba.

"Nanga mawa auluka nthawi yanji?"

Ndinatembenukira kwa msuweni. Anali atagona kale chokhala, nsapato zili kuphazi, buku lili pachifuwa. Pa bolodi paja ndinali nditaona ndekha dzina lake.

"Hafu pasiti sikisi, azakhali."

"Umudzutse. Ndipo pobwera unditengereko mabulangete awiri, chikwama chakocho chisabwere chopanda kanthu."